Paundi ya Sikelo ndi Paundi ya M'thumba

Chaka cha 1970 ndinali Sitandade 5, ndipo m'mudzi mwathu kwa Santhe, m'chidikha cha Kasungu, ndinali mmodzi mwa ana ochepa amene ankatha kuwerenga osaloza chala pamzere. Kaamba ka ichi, nyuzi ikafika m'mudzimo woitanidwa ndinali ine. Tsiku lina madzulo, ataweruka kosankha fodya, akuluakulu anakhala patsinde pa mkuyu kuseri kwa balani, nandipatsa tsamba la nyuzi limene wina anakulungiramo sopo kugolosale. Patsambapo panali nkhani ya mchikumbe wina amene fodya anamuyanja chaka chimenecho. Ndinakonza kukhosi, ndi kuwerenga mokweza kuti bamboyo anapeza mapaundi mazana asanu pa ekala imodzi.

Pabwalo panangoti zii. Agogo anga aamuna anachotsa kaliwo pakamwa.

"Wati mapaundi angati, mwana iwe?"

"Mazana asanu, agogo."

Anthu anayamba kung'ung'udza. Wina anati mwini mundayo ali ndi chizimba, wina anati nyuzi ndi bodza la anthu a m'tauni. Atsibweni anga, amene anakhalitsa m'mapulazi a fodya ku Halale, anandilanda tsambalo ndi kuliyandikiza kumaso. Mawu sankatha kuwerenga kwenikweni, koma manambala ndi zizindikiro zake ankazidziwa ngati nkhope za ana awo.

"Mphwanga, tabwera kuno. Kutsogolo kwa nambalayi ukuonako kandodo kopindika kaja?"

"Iyayi, atsibweni."

"Nanga kumbuyo kwake kuli chiyani?"

Kunali timalemba tiwiri, l ndi b.

"Awa ndi mapaundi a sikelo, si a m'thumba ayi."

Anandiseka mpaka mvula yoyamba inagwa. Koma ndikamakumbuka tsopano ndimaona kuti sindinawerenge molakwa. Papepala kusiyana kunalipo, chifukwa ndalama zinkalembedwa ndi £ kutsogolo, kulemera ndi lb. kumbuyo. Pakamwa ndi pamene zonse ziwiri zinkasanduka liwu limodzi, paundi. Ndipotu msokonezowu tinachita kuulandira. Zizindikiro ziwirizi zinachokera ku liwu limodzi la Chilatini, libra, popeza kale ku Mangalande paundi ya ndalama inali siliva wolemera paundi imodzi. Angelezi anabwera ndi mapasa awiri a dzina limodzi, natisiyira ife kuti tiziwasiyanitsa, pamene mlimi wa fodya moyo wake wonse unali pakati pa mapasa amenewa: ankapereka mapaundi kuti alandire mapaundi.

Chiyambire tsiku limenelo diso langa limathamangira pa nambala ndikatenga nyuzi yakale. Zambiri sizinatsale m'midzi, paja nyuzi ikatha kuwerengedwa inkathera kupichirira chingambwe, ndipo wofuna kuziona zonse ayenera kupita kosungira mbiri ya dziko ku Zomba. Komabe mayina ake akudziwika. Kunali Mthenga wa mishoni ya Dutch Reformed, amene anayamba mu 1909 ndipo pambuyo pake anasanduka Kuunika. Ameneyu ankafika kwathu chifukwa m'zaka za m'ma 1920 mishoni ya ku Kasungu inachoka m'manja mwa Livingstonia kupita ku Nkhoma. Kunali Msimbi wa boma la atsamunda, Bwalo la Nyasaland, Malawi News imene Aleke Banda anaiyamba mu 1959, Moni wa ku Limbe kuyambira mu 1964, kenaka Boma Lathu, Odini wa ku Likuni, ndi Za Achikumbi imene alangizi ankatibweretsera. Eni ake anali osiyana, zolinga zosiyana, koma onse anali ndi vuto limodzi. Nyuzi ya Chichewa ankawerenga ndi munthu mmodzi, omvera makumi awiri. Mlembi ankalembera maso a mwana wasukulu, koma uthenga unkayenera kukafika m'khutu la nkhalamba.

Tsono tiyambe ndi kawerengedwe kathu. Chichewa chimawerenga ndi dzanja: chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu, dzanja latha. Kupitirira apo timabwereka zala za dzanja linalo, zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, mpaka khumi. Pamwamba pake pali makumi, zana, chikwi. Buku Lopatulika, limene linasindikizidwa mu 1922, linalemba manambala ake m'mawu otere, ndipo alembi oyamba a nyuzi, amene ambiri anali aphunzitsi ndi alaliki ophunzira kumishoni, anatengera komweko. Kumva kumakoma. Koma yesani kulemba chaka cha 1968, chimene Chinyanja chinatchedwa Chichewa ndi kukhala chiyankhulo cha fuko: chikwi chimodzi, mazana asanu ndi anayi, makumi asanu ndi limodzi, mphambu zisanu ndi zitatu. Mawu 14 m'malo mwa timanambala tinayi! Wosanja zilembo pamakina osindikizira sakanalola zimenezo tsamba lonse. Motero panakhala ngati pangano losalemba. Zaka, masiku a mwezi ndi mitengo ya zinthu zinkalembedwa m'manambala. Anthu, ng'ombe, nyumba ndi masiku a ulendo zinkalembedwa m'mawu, makamaka zikakhala zochepa.

Muli msampha m'kawerengedwe kameneka umene ambiri sauona. Ndikanena kuti ng'ombe makumi asanu ndi ziwiri, mwamva 52, chifukwa ziwirizo ndi ng'ombe. Ndikati ng'ombe makumi asanu ndi awiri, mwamva 70, chifukwa awiriwo ndi makumi. Apo chiyankhulo chadziteteza chokha. Nanga ndikati anthu makumi asanu ndi awiri? Awiriwo ndi anthu kapena ndi makumi? Palibe chokuuzani. Ndipo taonani tsoka la mlimi wa fodya: mapaundi, makobiri, matumba, mabelo, maekala, mandindi, chilichonse chimene iye amawerenga chimayamba ndi ma, ndipo chimatenga a yemweyo wa makumi. Mabelo makumi asanu ndi awiri angakhale 52, angakhalenso 70. Pakati pakepo pali mabelo 18, fodya wodzaza ngolo zingapo.

Alembi osamala anali ndi mankhwala awiri. Oyamba anali kaliwu kakuti mphambu, kapena kudza: makumi asanu mphambu awiri ndi 52 basi, palibe mkangano. Achiwiri anali kulemba mawu onse ndi kutsekera nambala m'mikutiramawu, motere: alimi makumi asanu ndi awiri (70). Ndili mwana ndinkaona ngati ndi kutaya malo, kunena chinthu chimodzi kawiri. Ndinazindikira mochedwa kuti mawuwo anali a omvera, nambalayo inali ya wowerenga, kuti akafunsidwa ngati mmene ndinafunsidwira ine akhale ndi poloza. Mlembi wa nkhani ya mchikumbe uja akanangowonjezera kuti fodya wolemera mapaundi mazana asanu, bwenzi ine ndisanasekedwe. Enatu ankatero. Ankalemba kuti ndalama zokwana mapaundi akutiakuti, kapena fodya wolemera mapaundi akutiakuti, ndipo mawu awiri amenewa, zokwana ndi wolemera, ankagwira ntchito imene £ ndi lb. sizikanatha kugwira pansi pa mkuyu.

Mawu a ndalama enieniwo ali ndi mbiri ya maulendo. Akatswiri a ziyankhulo amati liwu loti ndalama linachokera ku dirham ya Aluya, kobiri ku cobre ya Apwitikizi, kutanthauza mkuwa, ndipo lupiya ku rupee ya ku India. Agogo anga mpaka imfa yawo sheleni ankaitcha lupiya. Tiki, ya makobiri atatu, inabwera ndi matchona a ku Joni ndi ku Halale. Kunali sikisi, ya makobiri asanu ndi limodzi, ndi hafukoloni, ya masheleni awiri ndi sikisi. Kobiri la nthawi ya chitaganya linali loboola pakati, amayi ankalitunga pachingwe ndi kumangirira m'chiuno. Nyuzi inkalemba 3d., 6d., 1s., 2/6, koma palibe ankawerenga choncho. Ine ndikaona 3d. pakamwa pankatuluka tiki, ndikaona 6d. pankatuluka sikisi. Wowerenga nyuzi analinso womasulira, ngakhale panalibe womuphunzitsa ntchitoyo.

Masamu ake ndiwo anali minga. Makobiri 12 ankapanga sheleni, masheleni 20 ankapanga paundi, ndiye kuti m'paundi munali makobiri 240. Mtengo wa fodya unkalengezedwa m'makobiri pa paundi ya sikelo. Tingoyerekeza kuti munthu watenga fodya wolemera mapaundi 350 kumsika, ndipo mtengo ndi 9d. pa paundi. Achulukitse, apeza makobiri 3,150. Agawe ndi 12, apeza masheleni 262 ndi sikisi. Agawenso ndi 20, apeza £13 2s. 6d. Makwerero atatu, ataima padzuwa, kumbuyo kuli mzere wa anzake, ndiponso fodyayo sali giredi imodzi. Ndani akanatha? Bungwe la Native Tobacco Board, limene linakhazikitsidwa mu 1926, ndi mabungwe amene analowa m'malo mwake mpaka Farmers Marketing Board ya 1962, anali ndi makalaliki ndi mabuku owerengetsera. Mlimi anali ndi zala khumi ndi chikhulupiriro. Nyuzi ikasindikiza mitengo ya magiredi msika usanatsegulidwe inkamupatsa chida chachitatu. Ndikukumbuka atsibweni akung'amba kachigawo ka mitengo ndi kukapinda m'chipewa. Kotsalako n'kumene kankapita ku chingambwe.

Mu February 1971 ndalama zinasintha. Paundi imodzi inakhala K2, masheleni khumi anakhala Kwacha imodzi, sheleni inakhala matambala khumi. Osula ndalama anachita mwanzeru: chithunzi cha zisononkho za chimanga chimene chinali pa sheleni chinapita pa 10 tambala, njovu za pa masheleni awiri zinapita pa 20 tambala, kotero wosadziwa kuwerenga ankazindikira ndalama yake ndi chithunzi. Sikisi inakhala 5 tambala. Tiki inasowa kolowera, chifukwa inagwera pa matambala awiri ndi theka, ndipo ndalama yotero sinasulidwe. Fodya wathu woyerekeza uja tsopano anali pa matambala asanu ndi awiri ndi theka pa paundi, malipiro ake K26.25. Makwerero atatu aja anatsala amodzi, ndipo pa ichi chokha ndinganene kuti kusinthako kunakomera mlimi.

Alembi anapeza ntchito ina yachilendo. Kwacha ndi mneni, mfuu ya pamsonkhano wa ndale, tsopano anafunika kukhala dzina lowerengeka: Kwacha imodzi, makwacha asanu. Tambala ndi mbalame, ndipo zikachuluka timati atambala. Koma ndani akanalemba kuti sopo akugulidwa atambala khumi, ngati kuti wogula apite ndi khola? Anati matambala, ndipo liwulo linakhazikika mpaka lero, ngakhale ndalamayo siigulanso kanthu. M'midzi namo anthu sanataye paundi msanga. Kwa zaka zambiri K2 inali paundi, K10 inali mapaundi asanu, ndipo malowolo a abale athu a Chitumbuka kumpoto kwa bomali, chindapusa cha pabwalo la mfumu ndi mtengo wa ng'ombe zinkakambidwa m'mapaundi nyuzi zitaleka kalekale. Wowerenga tsopano ankamasulira chobwerera: papepala K40, pakamwa mapaundi makumi awiri.

Paundi ya sikelo inatsala yokha kwa zaka ngati khumi, kenaka nayo inachoka pamene dziko linatenga miyeso ya makilogalamu, mamita ndi mahekitala. Kilogalamu imodzi ndi mapaundi awiri ndi kachidutswa, 2.2, hekitala ndi maekala pafupifupi awiri ndi theka. Amene anamva mtengo wa pa kilogalamu koyamba anaomba m'manja kuti fodya wakwera kawiri, osadziwa kuti mwala wa sikelo ndiwo wakula. Ekala yokha inakana kuchoka, mpaka lero munda wa ku Chamama kapena kwa Wimbe ukambidwa m'maekala.

Liwu limene lanyenga anthu koposa onse ndi thumba. M'nyuzi za nthawi ya agogo, thumba la chimanga linali la mapaundi 200, limene pambuyo pake linatchedwa la makilogalamu 90. Lero tikati thumba tikunena la makilogalamu 50. Liwu silinasinthe, chiguduli ndicho chinafupika. Munthu akawerenga kuti mchikumbe wa kale anakolola matumba khumi pa ekala, nanena kuti ine ndimakolola khumi ndi asanu, ndamuposa, wadzinamiza: matumba khumi akalewo ndi matumba 18 a lero. Ndamvapo mkangano wotere pamaliro, wachinyamata akunyoza ulimi wa makolo ndi nambala imene sanaimvetse.

Miyeso ya kumudzi, ngolo, nkhokwe, dengu, ndowa, debe, mbale, nyuzi zakale sizinkaikana. Mlangizi akalemba za manyowa ankanena ngolo, akalemba za feteleza ankanena kachikho kapena chitsekerero cha botolo pa phando. Ameneyo ankadziwa amene akumulembera. Wolemba nkhani za boma ndiye ankakonda matani, chinthu chimene palibe munthu wa kwathu anachionapo ndi maso, ndipo nambala yotero inkadutsa pamwamba pa mitu ngati mbalame.

Pali mtundu wina wa mawu a kuchuluka umene unakula kwambiri m'nthawi ya chipani chimodzi. Awa ndi mawu osawerengeka: khwimbi la anthu, chinamtindi, zikwizikwi, miyandamiyanda, ndalama zankhaninkhani. Ndi Chichewa chokoma, ndipo m'nthano chili pamalo pake. Koma m'nyuzi mawu amenewa ankabwera pamene nambala yeniyeni inali yosafunika kapena yoopsa. Ngwazi ikayendera mbewu m'minda, anthu anali khwimbi, dzinthu dzinali dzambiri. Kasungu anali kwawo kwa Dr. Hastings Kamuzu Banda, ndipo m'zaka za m'ma 1970 chidikha chathu chinadzaza ndi maesiteti: a Press Farming, a General Farming, a nduna ndi akuluakulu a boma, kudzanso alimi a pansi pa Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority. Lamulo la mbewu zapadera linkaletsa mlimi wa pamunda wa makolo kulima bale ndi fuluu. Iye anatsala ndi chikopa ndi fodya woyanika, ndipo wogula anali mmodzi, ADMARC, imene inalowa m'malo mwa Farmers Marketing Board mu 1971. Ofufuza za chuma anaonetsa pambuyo pake kuti bungweli linkagula kwa alimi pamtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi umene linkagulitsira ku okushoni, ndipo phindu lake lambiri linathandiza kukuza maesiteti. Manambala awiriwo, wa pamsika wa kumudzi ndi wa ku okushoni ku Limbe, sindinawaonepo ataikidwa pamodzi m'nyuzi ya Chichewa imene inafika m'manja mwanga. Woyamba unkalembedwa m'Chichewa kuti tiudziwe. Wachiwiri unkakhala m'masamba a Chingelezi. Kuchotsera kwake mwana wa Sitandade 3 akanatha, ndipo mwina n'chifukwa chake sankaikidwa pafupi.

Atsibweni anga aja anakalowa utenanti pa esiteti ina kutsidya kwa Bua. Kumeneko kunali buku la ngongole: chimanga cha phoso chinkaperekedwa ndi debe, feteleza ndi thumba, makasu ndi mankhwala ndi dzina lake, koma zonse zinkalembedwa m'makwacha amene iwo ankawamva tsiku lowerengera, fodya atapita kale. Chaka china anabwerako ndi njinga. Chaka chotsatira anabwerako ndi ngongole, njinga ija atagulitsa. Munthu amene anandiphunzitsa kusiyanitsa £ ndi lb. anagonja kwa debe limene kukula kwake ankadziwa ndi kapitawo yekha.

Kuyambira mu 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale, ndipo patapita zaka msika wa okushoni unafika kwathu konkuno ku Chinkhoma. Ndi ufulu umenewu kunabwera ndalama yachitatu. Fodya amagulitsidwa m'madola ndi masenti a ku America pa kilogalamu, malipiro n'kufika kubanki m'makwacha, atachotsapo za mayendedwe, za msika, za bungwe ndi ngongole ya zipangizo. Makwerero aja anabwerera, ndipo achuluka kuposa a nthawi ya makobiri. Manambala nawo anatupa. Chikwi chinali nambala yaikulu m'nyuzi za ubwana wanga. Mu 2012 chinasanduka pepala limodzi la K1,000, mu 2016 kunabwera la K2,000, mu 2022 la K5,000. Chichewa chinabwereka miliyoni, biliyoni, ndipo bajeti ya boma ikukambidwa m'mathiliyoni.

Sindili m'gulu la amene amati tibwerere kolemba nambala iliyonse m'mawu. Ndayesapo kunena K3,875,640 m'Chichewa chokhachokha, ndipo pofika kumapeto ndinali nditaiwala kumene ndinayambira. Masamba a Chichewa a masiku ano, monga Tamvani ndi Tikambe, amalemba K5 miliyoni, anthu 70, ndipo msampha wa makumi asanu ndi awiri unathera pomwepo. Chimene chimandidandaulitsa ndi peresenti. Mu November 2023 Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Liwu limeneli lilibe fungo, lilibe kulemera. Mlembi wa Za Achikumbi akanati pa K100 iliyonse yogulira madola, pawonjezeka K44, ndipo wina wosamala koposa akanapitiriza kufotokoza kuti katundu wochokera kunja, monga feteleza, akwera ndi pafupifupi K44 pa K100, chifukwa madola amene ankagulidwa ndi K100 tsopano akufuna K144. Alipo atolankhani amene amalembabe kuti anthu 44 mwa anthu 100 alionse, ndipo ndikawaona ndimadziwa kuti anakulira pafupi ndi nkhalamba.

Chaka chatha mphwanga, mwana wa mlongo wanga, anabwera kuchokera ku Chinkhoma ndi pepala la malonda a mabelo ake asanu ndi limodzi. Anakhala pakhonde ndi kuyamba kuwawerengera amayi ake, amene maso anayamba kuchita khungu. Anatchula kulemera kwa belo lililonse, giredi yake, madola ndi masenti, zonse m'Chingelezi cha manambala chimene ana a lero amayankhula osadziwa kuti ndi Chingelezi. Mlongo wangayo anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pa lichero.

"Ndamva, mwanangu. Tsono amenewo ndi matumba angati a feteleza?"

Mnyamatayo anatulutsa foni m'thumba nayamba kudina.

"A fifite kapena ang'onoang'ono aja, amayi?"